LADY HEATH, MKAZI AMENE ANADUTSA AFRICA PA KANDEKE

Pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, pali akasupe a madzi otentha amene atumphuka pafupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. M'nyengo ya cilimwe anyamata oweta mbuzi m'dera limenelo nthawi zina amva kulira kwa injini m'mwamba, ndipo pokweza maso aona kandeke kakang'ono kalikupita kum'mawa. Tindeke totere titenga alendo a ku maiko akutali amene abwera kudzaona nyama za m'thengo, ena ku cigwa ca Zambezi, ena ku Mfuwe m'cigwa ca Luangwa. Alipo ena amene pa masabata awiri okha ayendera Kenya, Tanzania, Zambia ndi Botswana, nabwerera kwao osapsa ndi dzuwa, osagona ndi njala. Ulendo wotere autcha safari, ndilo liu la Ciswahili lotanthauza ulendo.

Kale sizinali cotero ai. Panali nthawi imene munthu wonyamuka pa kandeke kudutsa maiko a Africa anali kutsazika abale ace monga munthu wopita ku nkhondo. Mmodzi wa iwo amene anayamba kuonetsa kuti ulendowo ngwotheka anali mkazi, ndipo mkaziyo anakula ali mwana wamasiye.

Ubwana Wace

Dzina lace la ubwana linali Sophie Peirce-Evans. Anabadwa m'mwezi wa November, caka ca 1896, pa Knockaderry m'dziko la Ireland, ndico cisumbu ciri kumadzulo kwa England. Tsoka linamgwera asanadziwe ndi kulankhula komwe. Ali ndi caka cimodzi cokha, atate ace, amene mutu wao sunali bwino, anapha amai ace. Oweruza anapeza kuti munthuyo ngwamisala, namtsekera m'nyumba yosungiramo odwala misala. Cotero mwanayo anataya makolo onse awiri nthawi imodzi.

Anamtengera kwa ambuye ace ku Newcastle West, kumene analeredwa ndi alongo awiri a atate ace. Akaziwa sanali kukondwera pomuona alikuthamanga ndi kudumpha, pakuti masiku amenewo anthu anali kuganiza kuti zotere nza anyamata okha. Koma Sophie anakula wamtali ndi wamphamvu, ndiponso m'sukulu anali wanzeru. Atatsiriza sukulu analowa Royal College of Science mu mzinda wa Dublin, m'mene akazi anali owerengeka, naphunzira za sayansi ndi za ulimi.

Pa nthawi ya Nkhondo Yaikulu ya 1914 mpaka 1918 anagwira nchito yoperekera asilikali makalata pa njinga yamoto, ku England ndi ku France. Mu 1916 anakwatiwa ndi msilikali, Captain William Eliott-Lynn, amene pambuyo pace anakalima khofi ku East Africa. Sophie anakakhalako naye kanthawi, ndipo ndi m'mene anayamba kulidziwa dziko la Africa. Ukwatiwo sunayende bwino, ndipo mwamunayo anamwalira mu 1927.

Aphunzira Kuuluka

Asanadziwike ndi za ndeke, Sophie anayamba kumveka pa masewera. Mu 1922 iye ndi anzace anayambitsa bungwe loyang'anira masewera a akazi ku Britain, ndipo iye mwini anapambana akazi anzace a m'dzikomo pa kuponya nthungo. Mu 1925 analemba buku lophunzitsa atsikana kuthamanga ndi kudumpha. Caka comweco anamtuma ku msonkhano wa masewera a Olympic mu mzinda wa Prague, ndipo pa ulendowo anakwera ndeke. Kuyambira pamenepo mtima wace unakhala m'mwamba. Atabwerera ku London anayamba kuphunzira kuyendetsa ndeke, ndipo caka cisanathe analandira cikalata cace coyamba.

Koma panali copinga. Mu 1924 bungwe la maiko ambiri loyang'anira za ndeke linaika lamulo lakuti mkazi asanyamule anthu kapena katundu m'ndeke kuti alandirepo malipiro. Anali kunena kuti thupi la mkazi nlofooka, silingapirire nchito yotere. Sophie sanavomereze. Analemba makalata odandaula, nadzipereka kwa madotolo kuti amuyese monga ayesera amuna. Madotolo sanampeze ndi cofooka ciri conse. Mu 1926 lamulo lija linacotsedwa, ndipo iye anakhala mkazi woyamba ku Britain kulandira cikalata coyendetsera ndeke ya malonda.

M'mwezi wa October 1927 anakwatiwanso ndi Sir James Heath, mkulu wacikulire, mwini cuma cambiri. Kuyambira tsikulo anachedwa Lady Heath, pakuti ndiwo mwambo wa ku England kuti mkazi wa munthu wa ulemu wa Sir atenge ulemu wa Lady. Mwamunayo anamgulira kandeke ka mtundu wa Avro Avian. Anakamasula, nakalongedza m'mabokosi, ndipo awiriwo anakwera nako sitima ya pamadzi kunka ku Cape Town. Kumeneko Lady Heath anatsimikiza mtima kuti pobwerera ku England sadzakwera sitima, adzauluka.

Amene Analambula Njira

Ndeke siingayende popanda potera. Tsono tisanamtsate Lady Heath pa ulendo wace, nkofunika kudziwa m'mene mabwalo a ndeke anayambira m'dziko lino, limene masiku amenewo linali kuchedwa Northern Rhodesia.

Mu 1919, nkhondo itangotha, Boma la Britain linatuma anthu kukakonza mabwalo kucokera ku Cairo mpaka ku Cape Town. M'dziko lino anasankha malo pa Abercorn, pamene lero patchedwa Mbala, pa Ndola, pa Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, ndi pa Livingstone. Nchitoyo inagwiridwa ndi manja a anthu a m'midzi, okhala ndi nkhwangwa, makasu ndi madengu basi. Pa Ndola pokha amuna mazana ambiri anatha miyezi alikugwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kugumula zulu zazitali kuposa nyumba. Bwalo likatha nchito siinathere pomwepo, cifukwa dzinja liri lonse udzu unali kumeranso, ciswe nicimanganso zulu zina.

Ndeke yoyamba kutera pa mabwalowa inafika mu 1920, yoyendetsedwa ndi amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand. Mu 1926 Alan Cobham anadzera njira yomweyo pocokera ku London kunka ku Cape Town, ali ndi makanika wace. Koma kufikira 1928 panalibe munthu, mwamuna kapena mkazi, amene anauluka yekha m'kandeke kucokera ku Cape Town kufika ku London.

Dzuwa Limgwetsa

Kandeke ka Lady Heath kanali kopangidwa ndi matabwa opepuka, ndipo mapiko ace, apamwamba ndi apansi, anali okutidwa ndi nsalu yopakidwa utoto. Kanali ndi injini imodzi, ndi mipando iwiri yopanda denga, kotero kuti mphepo, mvula ndi dzuwa zinali kumfika woyendetsa. Liwiro lace linali ngati mailosi 80 pa ora. Munalibe wailesi yoitanira thandizo. Comtsogolera cinali mapu ndi kampasi. M'katundu wace anaikamo Baibulo, mfuti, zomenyera mpira wa tenesi, madiresi a pa phwando ndi cikhoti caubweya, pakuti anafuna kuonetsa kuti ulendo wa pa ndeke ungakhale ulendo woceza, wosati wa asilikali okha.

Ananyamuka ku Cape Town m'mwezi wa January 1928. Poyamba anazungulira mizinda ya South Africa, kukweza anthu m'kandeke kace ndi kuthandiza mabungwe a ophunzira kuuluka. Ca kumapeto kwa February anacoka ku Pretoria kulinga ku Bulawayo. Popeza anali kupita kumpoto kwa maora ambiri m'mpando wopanda mthunzi, dzuwa linamuomba m'mutu ndi pakhosi. Atayandikira Bulawayo mutu unayamba kumpweteka koopsa, maso nacita cidima. Anazindikira kuti akomoka posacedwa, ndipo akakomokera m'mwamba ndiye kuti wafa. Tsono ndi mphamvu zotsala anatsitsa kandeke, nakateretsa pa thengo. Pomwepo anakomoka.

Amene anampeza anali atsikana a pa mudzi wapafupi. Cinthu cimene cinagwa kucokera kumwambaco cikanatha kuwathawitsa, ndipo munthu wogona m'menemo sanali mbale wao, cinenero cace sanali kucidziwa. Koma iwo anayandikira, namgoneka pamthunzi, namziziritsa mutu, namsamala kufikira anatsitsimuka. Pambuyo pace anamtengera ku Bulawayo, kumene anagona masiku angapo. M'menemo mbiri inali itamveka kale kuti Lady Heath wasowa, ndipo ambiri anayesa kuti wamwalira. Akadapanda atsikana aja, ulendowo ukadathera pa thengo limenelo. Akulu anati mlendo ndi mame, sakhalira kukamuka. Cifukwa cace ayenera kumcitira zabwino akadalipo.

Pamwamba pa Dziko Lino

Atacira sanabwerere m'mbuyo. Anaoloka Zambezi natera pa Livingstone, umene unali mzinda wa Boma masiku amenewo. Kucokera apo njira inali yosasokeretsa, cifukwa njanji inali kuoneka pansi ngati cingwe, ndipo woyendetsa ndeke anali kungoitsata kufika ku Broken Hill ndi ku Ndola. Njanjiyo ipita pa Lusaka, koma mu 1928 Lusaka anali kamudzi ka masitolo owerengeka m'mbali mwa siteshoni. Anasanduka likulu la dziko mu 1935.

Cigawo coopsa cinali ca pakati pa Ndola ndi Abercorn. Pamenepo pali mailosi oposa 300, ndipo kunalibe njanji yoitsata. Pansi panali nkhalango yokhayokha, mtengo uli wonse wofanana ndi unzace, ndi madambo aakulu a ku Bangweulu. Inalinso nyengo ya dzinja, imene mitambo yakuda iunjikana masana, ndipo mabwalo afewa ndi matope. Injini ikadaleka kulira pamenepo, anthu akadatha masabata alikumfunafuna. Cina nciti: Abercorn ali pa malo okwera kwambiri, ndipo pa malo otere mpweya ngwopepuka, injini icepa mphamvu, ndeke nithamanga mtunda wautali isananyamuke.

Cifukwa ca zimenezi Lady Heath sanali kupuma msanga akatera. Pokhala wopanda makanika, iye mwini anali kuyang'ana injini, kuthira mafuta, kumanga zomasuka ndi kuthira petulo wa m'zitini amene anatumizidwiratu pa bwalo liri lonse. Atatha izi ndi pamene anali kusamba, kuvala diresi lace, ndi kukadya ndi amene anamlandira. Motero anapitirira Abercorn, nalowa m'Tanganyika, ndiyo mbali yaikulu ya Tanzania wa lero, nafika ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Sudan ndi Nyanja

Kutsogolo kunali Sudan. Akulu a Boma kumeneko anakana kuti mkazi auluke yekha pamwamba pa dera la kumwera, cifukwa ndi dziko la madambo aakulu a mtsinje wa Nile, ndiponso masiku amenewo kunali cipolowe. Mwamwai panali mnyamata wina wa ku South Africa, Lieutenant Richard Bentley, amene anali pa ulendo wa ku England m'kandeke kace pamodzi ndi mkazi wace, atangokwatirana kumene. Iyeyu anavomera kuuluka pambali pace kufikira ku Khartoum. Pa Khartoum anakomana ndi mkazi winanso, Lady Bailey, amene anali kuuluka yekha kucokera ku London kunka ku Cape Town. Bentley anatembenuka namperekeza iyenso kumwera. Akazi awiriwo anapatukana, wina kumpoto, wina kumwera, ndipo onse awiri anakafika kumene analinga.

Lady Heath anatsata Nile mpaka ku Cairo. Tsopano panatsala nyanja ya Mediterranean, imene igawa Africa ndi Ulaya. Mkazi amene sanaope nkhalango anali kuopa madzi. Cifukwa cace anakhota, natsata gombe kumadzulo, kudzera m'Libya kufika ku Tunis, kumene nyanjayo icepa, pakuti kucokera ku gombe la kumeneko kufika pa cisumbu ca Sicily pali mailosi ngati 100 okha. Posowa cobvala coyandamitsa munthu pa madzi, anapopa machubu a matayala a njinga yamoto, nadzikoleka nao. Ndipo anakwera m'mwamba kwambiri, kuti injini ikafa athe kutsetsereka mtunda wautali. Koma m'mwamba mpweya ngwocepa, sukanikiza cinthu monga ucitira pansi pano. Tsono mpweya wa m'kati mwa machubu unafutukuka, machubuwo naphulika. Anaoloka nyanjayo wopanda comuyandamitsa, koma injini siinamgwiritse mwala.

Anadzera m'Italy ndi m'France, ndipo pa 17 May 1928 anatera pa bwalo la Croydon, pafupi ndi London. Ulendo umene anayesa kuti udzatha masabata atatu unamtengera miyezi, ndipo anauluka mailosi oposa 9,000. Khamu la anthu linali kumdikira. Iye anatuluka m'kandeke atavala cikhoti cace caubweya ndi cipewa, monga munthu wocokera kokaceza.

Kutchuka ndi Kugwa

Caka cimeneco dzina lace linamveka m'maiko onse. Amelia Earhart, mkazi wa ku America amene pambuyo pace anatchuka koposa, anagula kandeke kaja, nakauluka nako kudutsa dziko la kwao. Lady Heath anagwirako nchito pa ndeke zazikulu zonyamula anthu za kampani ya KLM ya ku Holland, monga woyendetsa waciwiri, ndipo atatero anapita ku America kukaonetsa luso lace.

Kumeneko ndi kumene tsoka linampeza. M'mwezi wa August 1929, pa nthawi ya mpikisano wa ndeke mu mzinda wa Cleveland, ndeke yace inagwera pa denga la fakitale. Anasweka mutu, nagona masiku ambiri wosadziwa kanthu. Madotolo anampulumutsa, koma sanakhalenso monga kale. Ukwati wace ndi Sir James Heath unatha, ndipo mu 1931 anakwatiwa ndi G. A. R. Williams, amene nayenso anali woyendetsa ndeke. Awiriwo anabwerera ku Ireland, nayendetsa bwalo la ndeke pa Kildonan, pafupi ndi Dublin. Pamenepo Lady Heath anacita nchito yabwino yophunzitsa anyamata ndi atsikana za ndeke. Koma malondawo sanapindule, ndipo bwalolo linatsekedwa.

Panalinso mdani wina amene anamlaka, ndiye mowa. Kumwa kunamdyera cuma, kunamcotsera abwenzi, ndipo zaka zace zotsiriza anakhala mu London ali wosauka, anthu atamuiwala. M'mwezi wa May 1939 anagwa pa makwerero a galimoto yoyenda pa njanji m'miseu ya mzindawo, namwalira m'cipatala ali ndi zaka 42. Dotolo amene anayesa mtembo wace sanapeze mowa m'thupi mwace tsikulo; anapeza magazi oundana a bala lakale m'mutu. Phulusa la mtembo wace analimwaza kucokera m'ndeke.

Zipatso za Ulendo Wace

Patapita zaka zinai cicokere ulendo wace, mu 1932, ndeke za Imperial Airways zinayamba kunyamula makalata ndi anthu pakati pa London ndi Cape Town, ndipo zinali kutera pa Mpika ndi pa Broken Hill. Cimene cinali codabwitsa cinasanduka cozolowereka. Lero alendo odzaona njobvu ndi mikango akwera tindeke ta denga ndi wailesi, ndipo pakati pa oyendetsa ndeke alipo akazi, a mu Africa muno omwe. Khomo limene iwo alowera ndi lomwe lija Lady Heath analigogoda mu 1926.

Mabuku anena kuti iye anauluka yekha, ndipo nzoona, pakuti mpando waciwiri wa kandeke kace unalibe womthandiza. Koma pansi panali amuna amene anagumula zulu pa Ndola, panali osenza zitini za petulo, panali Bentley amene anamperekeza m'Sudan, ndiponso panali atsikana aja amene anamgoneka pamthunzi pafupi ndi Bulawayo, nabwerera ku nchito zao za pamudzi. Mutu umodzi susenza denga. Pamene anali ndi anthu omgwira dzanja, mwana wamasiye wa ku Knockaderry anadutsa Africa yense. Pamene anatsala yekha m'mzinda wodzala ndi anthu, anagwa.

Mafunso

1. Kodi Sophie analeredwa ndi yani, ndipo cifukwa ninji?
2. Ndi lamulo lotani limene iye analimbana nalo, ndipo linacotsedwa caka citi?
3. Chulani mabwalo anai a ndeke amene anakonzedwa m'dziko lino mu 1919. Maina a lero a Abercorn ndi Broken Hill ndi ati?
4. Cifukwa ninji ulendo wa pakati pa Ndola ndi Abercorn unali woopsa kuposa wa pakati pa Livingstone ndi Ndola?
5. Fotokozani cimene cinaphulitsa machubu aja pamwamba pa nyanja.
6. Jambulani mapu a Africa, nimulembepo njira imene Lady Heath anayenda.